Mzere wa a Harawa

Mvula ya ku Mzuzu sigogoda.
Inandipeza pa Katoto, laputopu yobwereka ili m'majumbo awiri,
wa sakaramento akupalasa ngati wathawa mlandu.

M'kalasi a Msiska anajambula mabokosi pa bolodi.
"Tsamba limene anthu amaliona ndi khonde chabe.
Ife ntchito yathu ili kuseri,
kumene pempho limafika n'kuima, kudikira yankho."
Izi ndinazimva msanga.
Ndinakulira kuseri kwa kauntala,
m'kagolosale ka amayi ku Chibavi,
kumene dzanja limalowa pazenera la waya
n'kutuluka ndi mchere, kapena ndi mawu oti mubwere mawa.

Anatiuza kuti tipeze zinthu zenizeni, tizimangire matebulo.
Ine ndinatenga buku la ngongole la amayi,
lija chikuto chake chinafewa ndi mafuta ophikira.

Munali a Kumwenda atatu.
Amayi sawasokoneza:
wa matabwa, wa kwaya, ndi uja woyenda mozemba.
Koma databesi sidziwa nkhope, sidziwa kayendedwe.
Ndinawapatsa manambala, aliyense kiyi wakewake,
ndipo ndinachita manyazi pang'ono,
ngati ndawavula zipewa pamsewu.

Shuga analembedwa pamasamba khumi ndi anayi,
mitengo yake isanu.
"Choona chimodzi, malo amodzi," anatero a Msiska,
"zina zonse zizingoloza komweko."
Choncho anthu kwawo, katundu kwake,
ngongole pakati, yagwira uku ndi uku
ngati mwana wowoloka msewu wa ku Luwinga.

Usiku wa Juni, zala zitauma,
seva inandiyankha nambala imodzi yokha: 500.
Maola atatu ndikusaka.
Kunali kakadontho ka mchira
kamene ndinakaiwala kumapeto kwa mzere wa makumi anayi.
Nditangokapeza, magetsi anathima.

Patsamba lina panali dzina la NyaMhango
ndi deti, popanda ndalama.
Ndinalembapo ziro.
A Msiska anazunguliza ndi cholembera chofiira:
"Ziro ndiye kuti sanatenge kanthu.
Pakakhala mpata ndiye kuti sitikudziwa. N'zosiyana."
Ndinakafunsa amayi.
Anati, "Ndikudziwa bwino lomwe. Sindinafune kulemba."
Zimenezo ndilibe bokosi lake.

Tsopano a Harawa.
Tinawaika m'manda mwezi wa Epulo, kukugwa yamawawa.
Ndinati ndiyeretse tebulo,
ndinalemba lamulo lowafufuta, n'kudina.
Inakana.
Inati pali mizere isanu ndi iwiri imene ikuwalozabe:
sopo, makandulo, theka la buledi,
machesi,
ndi mankhwala a mutu, katatu,
masiku otsatizana.

Ndinakhala chete, fani ya laputopu ikupuma m'malo mwanga.
Masiku atatu aja ndinali pazenera ndine.
Ndinkawapatsa timapiritsi m'kapepala
osafunsa kuti mutuwo wayamba liti.

A Msiska akuti njira ilipo:
ukalamula kuti kholo likapita
ana ake onse apite nalo,
tebulo limayera, palibe chotsalira.
Mawu ake ndi awiri okha. Ndikuwadziwa kalembedwe.

Ndinawafotokozera amayi akuwerenga makobidi a tsikulo.
Sanadzutse mutu.
"Ndalamazo sindikuzifuna," anatero.
"Koma munthu usamuchotse.
Ankakhala pabenchi apo, kundiwerengera nyuzi ya dzana."

Ndiye ndawonjezera bokosi limodzi lopapatiza,
loyankha inde kapena ayi,
ndalitcha kuti takhululuka.
A Msiska andichotsera mamalikisi awiri
chifukwa silinali pachojambula choyamba.

Pano tsamba likutseguka pafoni ya amayi.
Akalemba dzina, pempho limapita kuseri,
kodi yanga imafunsa kuti kodi alipo,
yankho n'kubwera madzi a tiyi asanawire.
Bukulo sanalitaye. Lili pansi pa sikelo.
A Harawa ndi nambala 23.
Kunja kwayambanso kuwaza.